Mphaka wathu sanali wansanje

Nsanje. Awa ndi mawu amene anthu amathamangira kunena akaona mphaka wamkulu akulusira kamphaka kongobwera kumene pakhomo. Ena amati ndi wankhanza, ena amati wakalamba ndiye mtima waipa, ndipo kwathu kuno salephera kupezeka wina wotsitsa mawu n'kunena kuti ameneyu si mphaka wamba. Mawu onsewa amakathera kumodzi: wolakwa wapezeka, alangidwe. Chilango chakenso timachidziwa. Tsache, patapata, madzi a m'ndowa, ndipo zikafika poipa, thumba la feteleza ndi ulendo wa pa kabaza wopita kutali komwe sangabwerereko. Ine ndikutsutsana nacho chiweruzo chimenechi. Ndatha semesita yathunthu ndikuonerera amphaka awiri akuphunzira kukhala m'nyumba imodzi, ndipo zimene ndaona zandichititsa kukhulupirira kuti vuto lalikulu lagona pa mmene ife anthu timamasulira zochita za nyama.

Ndimachita lendi ku Chikanda, ku Zomba, pamodzi ndi anzanga awiri. Mphaka wamkuluyo tinamupeza pomwepo. Ndi wamwamuna, wa zaka ngati zisanu ndi chimodzi, ndipo mwini wake ndi mayi amene timawalipira lendi, omwe amakhala m'nyumba yaikulu ya mumpanda womwewo. Dzina lake ndi Kaunjika, chifukwa mwana wa mayiwo anakamutola kumsika pafupi ndi pogulitsira zovala. Ngakhale ndi wa eni nyumba, Kaunjika anasankha kumagona pabalaza pathu, ndipo ife sitinadandaule. Aliyense amene anachitapo lendi amadziwa zimene makoswe amachita ndi thumba la ufa, manotsi a chaka chonse, ngakhale chingwe cha tchaja. Chilowereni m'nyumbamo sitinamvepo khoswe akuthamanga kudenga. Kaunjika ankalipira lendi yake mokhulupirika kuposa ife.

Kamphakako kanabwera mu Febuluwale, mvula ili pakati. Mnzanga wina anakapeza m'ngalande kuseri kwa okala, kali kokhakokha, konyowa, nthiti zikuwerengeka. Tinakatcha Bonya chifukwa cha kuchepa. Pamene ndinkafika kuchokera ku laibulale usiku umenewo, ndinapeza zachitika kale: anali atakatsitsa m'katoni pamaso pa Kaunjika kuti awiriwo "adziwane". Kaunjika anakhotetsa msana, ubweya unaimirira, anachita fuuu ngati njoka, n'kutulukira pawindo. M'masiku atatu otsatira anasiya kudya pambale yake, anathira mkodzo pachitseko cha pabalaza, kenako pachikwama cha mnzanga wachiwiri, chomwe munali mabuku obwereka.

Apa ndi pomwe nyumba inagawikana. Mwini chikwama anati, "Aise, mphaka uyu asapondenso muno, wachita dala." Mayi eni nyumba nawo anabwera m'mawa, atamanga chitenje, n'kuima pakhomo. "Ana anga, atambala awiri salira m'khola limodzi. Mphaka wanga akugona panja ngati alibe kwawo. Kanthu kanuko mukakasiye komwe munakatola." Kukabweza Bonya m'ngalande kunali kukamupha. Kutsekera Kaunjika panja kunali kuchotsa mwini malo chifukwa cha mlendo. Ndinawapempha mayiwo kuti atipatse mwezi umodzi, ndipo anavomera monyinyirika.

Kuti timvetse zimene Kaunjika ankachita tiyenera kuyamba ndi kumene mphaka anachokera. Kholo lake ndi vumbwe, yemwe akatswiri amamutcha Felis lybica, nyama yomwe ikupezekabe m'tchire la kuno ku Africa ndi ku Middle East. Kafukufuku wa chibadwa cha amphaka amene anatuluka mu 2007 anasonyeza kuti amphaka a pakhomo anachokera ku mtundu umenewu. Pachilumba cha Cyprus panapezeka manda a zaka pafupifupi 9,500 momwe munthu anaikidwa moyandikana ndi mphaka. Ubale umenewu unayamba anthu atayamba kulima ndi kusunga mbewu: nkhokwe zinaitana makoswe, makoswe anaitana vumbwe. Koma vumbwe amasaka yekha. Chimene amagwira ndi kanyama kakang'ono kosatheka kugawana, ndiye dera limene amasakamo ndilo mbale yake. Vumbwe wina akalowamo, chakudya chachepa. Galu ndi wosiyana, chifukwa makolo ake ankakhala ndi kusaka m'magulu. Amphaka amatha kukhala ambiri pamalo pamene chakudya chili chochuluka, monga kumsika wa nsomba, koma kawirikawiri amakhala aakazi apachibale amene anakulira limodzi, ndipo wachilendo amathamangitsidwa.

Ife tinaleredwa mwina. Mlendo akafika timamusiyira bedi, timamuphera nkhuku, ana amakagona pamphasa. Ndiye timadabwa mphaka akakana kuchita chimodzimodzi. Koma tikumbukire kuti timati mlendo ndi mame, ndipo timapirira chifukwa tikudziwa kuti dzuwa likakwera akamuka. Bonya sanali mame. Taganizani mwabwerako ku holide, mwatsegula chipinda chanu ku hositelo, n'kupeza munthu wosamudziwa wagona pabedi panu, akudyera m'mbale yanu, ndipo anzanu onse akumusekerera n'kumakuuzani kuti mumukonde poti ndi wamng'ono. Palibe amene anakufunsani, ndipo palibe tsiku limene adzachoke. Ambiri a ife tingachite zoposa fuuu.

Chinthu chachiwiri chofunika kuchidziwa ndi fungo. Ife nyumba timaidziwa ndi maso, mphaka amaidziwa ndi mphuno. Mukamuona akudzikhula masaya pamwendo wa tebulo, pangodya ya khoma kapena pamiyendo yanu, akusiya fungo lochokera m'tiziwalo timene tili m'masaya, pachibwano ndi pamphumi pake. Akamakanda mtengo kapena mpando amasiyanso fungo lochokera kuphazi. Ife sitilimva, koma kwa iye limatanthauza kuti pano ndi pathu, palibe choopsa. Kamphaka kachilendo kakalowa, kamabwera ndi fungo lomwe silili m'kaundula ameneyu, ndipo kamalipaka paliponse pomwe kadutsa.

Mkodzo wa pachitseko uja unali yankho pa zimenezi. Pali kusiyana pakati pa kukodza ndi kuthira chizindikiro. Pokodza mphaka amanjuta, mkodzo umakhala wambiri, ndipo amaukwirira. Pothira chizindikiro amaima chilili, mchira uli m'mwamba ukunjenjemera, n'kupopera pang'ono pachinthu choimirira monga chitseko kapena khoma. Amasankha malo amene akuona kuti malire ake agwedezeka. Chikwama chija Bonya anagonapo usiku woyamba, ndiye chinali chinthu chonunkha kwambiri mlendo m'nyumba yonse. Mwini chikwama analibe mlandu uliwonse ndi Kaunjika. N'chifukwa chake kumenya sikuthandiza. Mphaka amathira chizindikiro chifukwa chosowa mtendere, ndipo patapata amangowonjezera kusowa mtendereko. Komanso sangalumikize chibakera cha madzulo ndi mkodzo wa m'mawa. Chimene amaphunzira n'chakuti munthu uyu ndi woopsa. Malo amene wathirapo ndi ofunika kuwatsuka bwino ndi sopo wa ufa ndi madzi ofunda, chifukwa fungo likatsalira amabwererapo kukalikonzanso.

Njira imene tinatsata ndinaimva kwa msuweni wanga amene akuphunzira za udokotala wa ziweto ku Bunda. Anayamba ndi kundiseka kuti, "Asuweni, mwasiya ndakatulo mwayamba uchembere wa amphaka?" kenako anatumiza mauthenga a mawu ataliatali pa WhatsApp. Choyamba chinali kuwalekanitsa. Bonya analowa m'chipinda changa ndi mbale yake, madzi ake, katoni yogonamo ndi beseni la mchenga, ndipo chitseko chinkakhala chotseka. Nyumba yotsalayo inabwerera kwa Kaunjika. Tsiku lachiwiri chitsekereni chitseko, analowa pawindo, ananunkhiza pabalaza ponse, n'kudya.

Kulekanitsaku kuli ndi chifukwa chinanso. Kamphaka kotoledwa panja kamatha kubwera ndi nthata, njoka za m'mimba, chimfine cha amphaka, ngakhale zipere zomwe zimapatsira ndi anthu omwe. Masabata awiri ali payekha amapereka mpata woona ngati akudwala ndi kumuonetsa kwa a vetenale. Bonya anamwa mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo atakwanitsa miyezi itatu analandira katemera wa chiwewe. Ambiri timaganiza kuti chiwewe ndi nkhani ya agalu okha, makamaka poti makampeni ngati a Mission Rabies, amene anayamba ku Blantyre mu 2015, amadziwika ndi kutemera agalu. Koma mphaka amadwalanso chiwewe ndipo amapatsira. Mukalumidwa kapena kukalidwa ndi mphaka amene simukudziwa mbiri yake, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, n'kupita kuchipatala tsiku lomwelo.

Chachiwiri chinali kuwadziwanitsa ndi mphuno maso asanaonane. Ndinkatenga sokosi yakale, kuipukutira m'masaya mwa Bonya, n'kukaisiya pabalaza, patali ndi mbale ya Kaunjika, kuti akaifikire yekha akafuna. Sokosi ina inkachoka kwa Kaunjika kupita kwa Bonya. Tsiku loyamba Kaunjika analusira sokosiyo ngati ndi yamoyo. Tsiku lachinayi anainunkhiza kwa nthawi yaitali, n'kudzutsa mutu kukamwa kuli yasa pang'ono, ngati munthu amene wamva nkhani yodabwitsa. Mnzanga anaseka kuti wanyansidwa, koma kumeneko ndi kununkhiza kwa mtundu wina: kumwamba kwa m'kamwa mwa mphaka, kuseri kwa mano akutsogolo, kuli njira yopita ku chiwalo china chomvera fungo, ndipo amatsegula kukamwa kuti fungolo lifikeko. Anali kuwerenga kalata. Pofika tsiku lachisanu ndi chimodzi ankangoidutsa sokosiyo osailabadira, ndipo kusalabadira kumeneko ndi komwe tinkafuna. Kenako tinayamba kusinthanitsa malo: Kaunjika akapita kokayenda, Bonya ankatuluka kukazungulira pabalaza, ndipo nthawi zina Bonya tinkamusungira kukhitchini kuti Kaunjika akayendere chipinda changa.

Chachitatu chinali chakudya. Tinkawapatsa nthawi imodzi, wina mbali iyi ya chitseko, wina mbali inayo. Poyamba mbale ya Kaunjika inali mamita atatu kuchokera pachitseko, chifukwa tikaiyandikitsa ankaisiya. Tsiku lililonse tinkaisendeza pang'ono. Cholinga chake n'chakuti fungo la mlendo lizibwera limodzi ndi usipa, mpaka mutu wake uphunzire kuti fungo limenelo likamveka pamabwera zabwino, palibe chimene chimachepa. Patatha masabata awiri ankadya moyandikana ndi chitseko, Bonya akulira mbali inayo. Apo tinatsegula chitseko pang'ono, mpata wa zala ziwiri, n'kuchitchinga ndi njerwa mbali zonse. Anaonana. Kaunjika anachita fuuu kamodzi, n'kupitiriza kudya.

Atayamba kukumana popanda chitseko, tinkachita mphindi zisanu zokha, ndipo tinkawalekanitsa zinthu zisanaipe. Tinaonetsetsa kuti Kaunjika ali ndi pothawira. Windo linkakhala lotsegula, ndipo pamwamba pa kabati tinachotsapo mapoto n'kuyalapo thaulo lakale. Bonya sankatha kukwerapo. Malo okwera amenewa anathandiza kuposa china chilichonse, chifukwa mphaka amene ali ndi pokwera safunika kumenya. Amangokhala pamwambapo n'kumayang'ana pansi ngati mphunzitsi wolondera mayeso. Mbale zawo tinaziika m'malo osiyana osaonana, madzinso pawiri. Alangizi a za amphaka amati mabeseni a mchenga azikhala ochuluka ngati amphakawo, kuwonjezerapo limodzi. Poti Kaunjika amadzithandiza panja, ife tinaika awiri, kutali ndi chakudya, ndipo tinkachotsamo zoipa tsiku lililonse. Amphaka samenyana pa chinthu chimene chilipo chokwanira.

Chovuta kwambiri chinali kudziletsa ife eni. Kaunjika akamuwomba Bonya khofi pamutu, mnzanga ankadumpha ndi tsache. Koma khofi lopanda zikhadabo, ndi fuuu wa apo ndi apo, ndi mmene mphaka wamkulu amanenera kuti apa ndi pamalire. Kamphaka kamafunika kumva zimenezi, ndipo mukamalowerera nthawi zonse kamachedwa kuphunzira. Zoyenera kuopa ndi zina: kuyang'anitsitsa osaphethira, kunyang'amira mnzake ngati akusaka, kukhala pakhomo kuti mnzake asafike pa chakudya kapena pamchenga, kuthamangitsana ndi kukuwa, ubweya kuuluka, magazi. Masewera amakhala achete, zikhadabo zili m'kati, ndipo amasinthana, wothamangitsa amasanduka wothamangitsidwa. Ndewu yeniyeni ikabuka musalowetsepo dzanja. Ikani katoni pakati pawo kapena ponyani bulangete, n'kuwatsekera kosiyana. Mphaka wokwiya amaluma aliyense amene wamuyandikira, ngakhale amene amamupatsa chakudya, ndipo amatha maola angapo mtima usanatsike. Zikatero mumabwerera sitepe imodzi m'mbuyo, kuchitseko chotseka ndi masokosi. Ife tinabwererako kamodzi, sabata yachitatu, Bonya atamudumphira Kaunjika ali m'tulo.

Pamenepa ndinaona kuti amene tinkamuyesa wosalakwa ndi amene ankayambitsa zambiri. Kamphaka ka miyezi iwiri kapena itatu kali ndi mphamvu zosatha, ndipo chilichonse choyenda ndi nyama yoti kagwire, makamaka mchira wa mphaka wamkulu. Bonya analekana ndi amake msanga. Timphaka timafunika kukhala ndi mayi wawo ndi abale awo kwa masabata osachepera asanu ndi atatu, chifukwa kumeneko ndi komwe timaphunzira kuti kuluma kumapweteka ndiponso kuti masewera ali ndi polekezera. Bonya sukulu imeneyi sanaimalize. Mankhwala ake anali kumutopetsa. M'mawa ndisanapite m'kalasi ndi madzulo dzuwa likamalowa, nthawi zimene amphaka amakonda kusaka, ndinkamuseweretsa ndi nthenga za nkhuku zomangirira ku chingwe mpaka agone pansi akupuma mwawefuwefu. Kenako ankadya, n'kugona, ndipo Kaunjika ankapeza mtendere. Chingwecho ndinkachibisa tikamaliza, chifukwa kamphaka kakameza ulusi matumbo amawonongeka. Tinagwirizananso kuti pasapezeke womuseweretsa ndi zala, poti zimene zimasekeretsa pa miyezi iwiri zimatulutsa magazi pa chaka chimodzi.

Lamulo lina linali lakuti wakale akhale woyamba. Ndikalowa m'nyumba ndinkayamba kupereka moni kwa Kaunjika, mbale yake inkatsika poyamba, ndipo malo ake ogona sanasinthe. Izi zimaoneka zazing'ono, koma aliyense wobwera kudzacheza ankathamangira kwa Bonya ndi foni m'manja, pomwe Kaunjika, amene wagwira ntchito pakhomopo zaka zonsezi, ankangomudutsa. Sindikudandaulira ulemu wake ngati wa munthu wamkulu. Nkhani ndi yakuti mphaka amadalira zinthu kuchitika mofanana tsiku ndi tsiku, ndipo chilichonse chimene sichinasinthe chimamuuza kuti dziko lake likadalipo.

Pali zizindikiro zina zimene sizichita phokoso, ndipo ndizo zimapha. Mphaka wosowa mtendere amatha kubisala, kudzinyambita mpaka ubweya kusosoka, kapena kusiya kudya. Mphaka akakhala masiku awiri kapena atatu osadya konse, makamaka wonenepa, chiwindi chake chimatha kuwonongeka. Nkhawa imathanso kuyambitsa vuto la chikhodzodzo. Mukaona wamwamuna akunjuta pafupipafupi, akulira, koma mkodzo osatuluka kapena ukutuluka timadontho ta magazi, thamangirani naye kwa a vetenale, chifukwa njira ikatsekeka amatha kufa m'masiku ochepa. Ndipo chonde, musamupatse Panado. Ambiri amatero ndi mtima wabwino, koma thupi la mphaka silitha kugaya mankhwala amenewa, ndipo piritsi limodzi ndi lokwanira kumupha. Mankhwala ena ophera nthata a agalu nawonso ndi poizoni kwa mphaka. Tameki ndi mankhwala ena a makoswe asapezeke pakhomo pamene pali mphaka. Mkaka wa ng'ombe, umene tonse timathamangira kupatsa kamphaka, umatsegula m'mimba amphaka ambiri. Ndipo nsima yokha siingamusunge, chifukwa thupi lake limafuna nyama kapena nsomba.

Nkhani imene sitinagwirizane ndi mayi eni nyumba ndi yofula. Mphaka wamwamuna wosafula amathira chizindikiro kwambiri, mkodzo wake umanunkha mwamphamvu, amayenda kutali ndipo amabwera ndi mabala a ndewu. Wamkazi amatha kutenga bere ali ndi miyezi inayi yokha, bere lake limatenga masabata pafupifupi asanu ndi anayi, ndipo amatha kuswa kawiri kapena katatu pachaka. Timphaka ta m'ngalande ngati Bonya timachokera kumeneko. Mabungwe ngati LSPCA ku Lilongwe ndi BSPCA ku Blantyre amagwira ntchito yofula ndi kutseka ziweto pa chifukwa chomwechi. Ife tinasonkherana ndalama n'kukamutseketsa Bonya atakwanitsa miyezi isanu. Za Kaunjika mayi anakana. "Mwana wanga, mukamufula adzangokhala ndwii ngati mtsamiro, makoswe adzatidya." Ndinayesa kuwafotokozera kuti kusaka sikuchokera kumeneko, kuti mphaka wofula amagwirabe makoswe ndipo amakhala pakhomo nthawi yambiri. Sanasinthe maganizo, ndipo mphaka ndi wawo. Kaunjika anasiya kuthira m'nyumba, koma mpanda wa kuseri akuulembabe usiku uliwonse.

Ndikudziwa funso limene ena mwa inu muli nalo. Anthu akugona ndi njala, ngongole za sukulu zikuchedwa, ndiye wina wakhala pansi kulemba za maganizo a mphaka? Kupatula za kwa a vetenale, zonse zimene ndafotokozazi zinatidyera mabeseni awiri, mchenga wa kumtsinje ndi masokosi obooka. Chimene chinalowapo chambiri ndi kudekha, ndipo mphaka amene amateteza ufa wathu ndi woyenera zimenezo. Koma pali chifukwa china chimene nkhaniyi yandikhalira pamtima monga wophunzira za zilankhulo ndi chikhalidwe. Tinakula ndi nthano za Kalulu wochenjera ndi Fisi wadyera, momwe nyama zimayankhula ndi kuganiza ngati ife. Nthano zimenezi zimaphunzitsa bwino za anthu, chifukwa nyama za mmenemo ndi anthu ovala zikopa. Vuto limabwera tikatenga kawerengedwe kameneka n'kupita nako kwa nyama yeniyeni. Tikatero mkodzo umasanduka chipongwe, kubisala kumasanduka kunyada, ndipo kulira kwa usiku kwa mphaka wofuna mwamuna, komwe kumamveka ngati kwa khanda, kumasanduka ufiti.

Sindikunena kuti mphaka alibe zimene amamva m'kati mwake. Amaopa, amakhazikika, amakonda anthu ena kuposa ena. Chimene ndikutsutsa ndi mawu amene timasankha, chifukwa mawu aliwonse amabwera ndi zochita zake. Ukanena kuti nsanje, nkhani yatha, chotsala ndi chilango. Ukanena kuti mantha, mafunso amayamba: akuopa chiyani, pati, nthawi yanji, ndipo tingachotse chiyani? Mafunso amenewa ndi amene anatifikitsa pa kabati ndi pa mbale ziwiri. M'kalasi timaphunzitsidwa kuti usanaweruze nkhani uyambe wafunsa kuti inalembedwa m'chilankhulo chanji, ndi yani, kwa yani. Kaunjika ankalemba m'chilankhulo cha fungo, ndipo makalata ake sankalembera ife.

Ndiyeneranso kunena kuti njirayi siitheka nthawi zonse. Amphaka ena amazolowerana m'masabata awiri, ena miyezi ingapo, ndipo ena safuna mnzawo mpaka kalekale, makamaka okalamba kwambiri kapena odwala. Ngati papita miyezi wina akukhalabe mobisala, kapena magazi akutulukabe, chifundo ndi kumupezera wamng'onoyo khomo lina labwino, kwa munthu amene mwakambirana naye ndipo mukudziwa kuti adzamusamala. Thumba la feteleza si khomo. Ndipo ngati simunatole kamphaka pangozi monga ife, koma mukungofuna kumupezera mnzake mphaka wanu poganiza kuti akusungulumwa, ganizani kawiri. Mphaka amene ali ndi chakudya, pogona ndi bwalo loyendamo nthawi zambiri sakusowa kanthu. Walira mvula walira matope.

Mwezi umene mayi anatipatsa unatha osautchulanso. Pofika sabata yachisanu ndi chimodzi chitseko cha chipinda changa chinkakhala chotsegula usana ndi usiku. Amphaka awiriwa si abwenzi. Sagona mokumbatirana ngati a pazithunzi za pa intaneti, ndipo Kaunjika sanamunyambitepo Bonya ngakhale kamodzi. Akakumana pakhonde amagundanitsa mphuno, wina n'kulowera uku wina uko. Masana amagona pabalaza pamodzi, wina pa kabati wina pampando, ndipo Bonya akayiwala malire khofi limamukumbutsa. Kwa amphaka osakhala pachibale, kumeneko ndi kupambana, ndipo amene amayembekezera zoposa apa amadzipweteka mtima pachabe.

Funso limene latsala ndi lathu ophunzira. Digiri ndi zaka zinayi, koma mphaka wosamalidwa bwino amatha kukhala zaka 15 kapena kuposa. Chaka chamawa tonse atatu tidzanyamula zikwama, wina ku Lilongwe, wina kumudzi, wina kosadziwika, ndipo nyumba zambiri za lendi sizilola ziweto. Aliyense wotola kamphaka ali pasukulu ayenera kudziwa yankho la funso limeneli asanakapatse dzina. Ife tinapita kukakhala pansi ndi mayi eni nyumba mwezi watha. Anamvetsera, anayang'ana Bonya amene anali kusaka chiwala m'maluwa awo, n'kunena kuti nkhokwe yawo ya kuseri ikufunika mlonda wachiwiri, koma katemera wa chaka ndi chaka tizitumiza ndife. Tinavomera, ndipo tinalemba m'kope la lendi kuti pasadzakhale woiwala.